Mpando Wotsala pa Ulendo wa ku Champagne

Kadiresi ka ubatizo kanachoka ku Kawale m'sutikesi ya munthu wina, katapanikizidwa pakati pa usipa ndi masamba a tiyi. Twambilile anakachapa n'kukachapanso mpaka fungo la usipa litatha, ndiye anakapachika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, m'fulati yawo ya ku Nechells, kuno ku dziko la azungu. Mayi ake ndiwo anakasoka, pa makina opondera aja, akungoyerekeza m'mutu kukula kwa mdzukulu amene sanamunyamulepo. M'mawa uliwonse asanapite ku shifiti, Twambi ankakatsitsa n'kukayeza pamsana pa mwana wake Zoe. Mwana ankakula. Kadiresi kanali komweko.

Zoe akanabatizidwa kalekale. Koma mpingo wawo, umene umachita lendi holo pakati pa mafakitale, subatiza mwana wa mayi wodulidwa. Ndipo Twambi anali wodulidwa, wokhala pa benchi ya kumbuyo pafupi ndi chitseko pamene pamalowera mphepo, chifukwa cha botolo la vinyo limene sanalawe n'dontho lomwe.

Nkhani yake inayenda chonchi. Twambi amagwira ntchito ya keya, yoyendera okalamba m'nyumba zawo. Mmodzi mwa iwo ndi agogo Willard a ku Bordesley Green, mzungu amene kale ankayendetsa mathiraki opita ku France. Miyendo inawathera, koma kukhosi kunali bwinobwino. Chakudya chamadzulo chopanda kagalasi ka vinyo wofiira ankachikankhira kumbali ngati mwana wokana phala. Kuwagulira zinthu kushopu ndi mbali ya ntchito, chimodzimodzi kuwasambitsa ndi kuwameta ndevu. Ndiye tsiku lina Twambi ali pamzere wolipirira, buledi m'khwapa, botolo m'manja, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Ha! Amake Zoe, masana ano?"

Asanatembenuke n'komwe, foni ya Anti Mabel inali itajambula kale.

Anti Mabel ndi wapampando wa gulu la amayi mumpingomo, nesi wamkulu ku Coventry, wa madigiri opachika pabalaza. Ntchito ya keya amaidziwa. Ankadziwa bwino lomwe kuti munthu wa yunifomu akanyamula botolo masanasana ndiye kuti watumidwa. Koma panali kale kanthu pakati pawo. Twambi atangofika kumene, Anti Mabel ankamuitana Loweruka lililonse kuti adzacheze, kucheza kwake kwa mopu ndi ayironi. Twambi anapita, anapitanso, kenako anati, "Anti, Loweruka ndi tsiku lochapa zanga." Kuchokera pamenepo moni anazizira.

Pa bwalo la akulu ampingo Twambi ananena zoona zokhazokha. Akuluwo anati atchule dzina la wokalambayo, kapena amuyimbire foni pomwepo amve okha. Koma lamulo la ntchitoyi ndi lakuti za m'nyumba ya amene ukuwasamalira suzitulutsa panja, ngakhale dzina lokha. Ukatulutsa, ntchito yatha. Ntchito ikatha, viza yatha, banja lonse ulendo wa ku Kawale. Twambi anakana kutchula dzinalo. Anti Mabel anapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti, "Atsikana osiyira sukulu panjira kuno amasokonezeka msanga. Timupempherere."

Mawu amenewo Twambi anawasunga monga mmene munthu amasungira lumo, pamalo pouma, kuti lisachite dzimbiri.

Madzulo ena Limbikani, mwamuna wake, anabwera kuchokera kogawa maphukusi akuimba likhweru. Anaponya makiyi a vani patebulo, n'kumunyamula Zoe m'mwamba.

"Amake Zoe, mwamuna wanu akupita kunja."

"Kuno si kunja?"

"Kunja kwa kunjaku. Ku France!"

Anafotokoza akutsegula mapoto. A Osborne, amuna awo a Anti Mabel, ankafuna dalaivala wosamwa. Anti Mabel ankakwanitsa zaka makumi anayi, ndiye iwo awiri pamodzi ndi anzawo, a Ronald ndi akazi awo, ankapita ku Champagne, kuminda ya mpesa kumene amapangira shampeni uja wophulika pa ukwati.

Twambi anasiya chipande m'mwamba. "Anti Mabel? Ku mowa?"

"Akuti si mowa. Akuti ndi kulawa. Umagwedeza galasi chonchi, kununkhiza, n'kuika pang'ono palilime."

"Kenako?"

"Kenako umameza, nanga ungataye? N'chifukwa chake akufuna dalaivala."

"Kumpingo akanena kuti chiyani?"

"Ritiriti. Kukapuma ndi kupemphera kumudzi kwa zii." Limbikani anakanda m'mutu. "Vuto ndi lakuti a Osborne andisiyira ine zokonza zonse. Sitima yowolokera, kogona, malo olawirako. Ine mukundidziwa, ngakhale kubukitsa kwa dokotala mumandichitira ndinu."

"Ndiye Anti Mabel alola kuti ine ndidziwe?"

"Ndinawauza a Osborne kuti ndikupemphani. Anti anali pomwepo, anangoseka. Akuti, 'Musiyeni adziwe, akauza ndani? Alipo angamve nkhani ya mowa kuchokera kwa iyeyo?'"

Limbikani ananena zimenezo akutafuna, osaona n'komwe kuti nkhope ya mkazi wake yauma. Choipa chake, Anti Mabel sananame. Mawu a pa benchi ya kumbuyo ankathera pomwepo pachitseko. Twambi akanaimirira Lamlungu n'kuulula, anthu akanangoti nsanje yamupweteka. Anayang'ana kuchipinda, kumene mpendero wa kadiresi unkaoneka pang'ono kuseri kwa chitseko.

"Bweretsani foniyo," anatero.

Anakonza ulendowo m'mabasi, pakati pa nyumba ya wokalamba wina ndi ya wina, foni m'dzanja limodzi, lina litagwira chitsulo. Atawafunsa agogo Willard za njira, nkhalambayo inatsitsimuka ngati yathiridwa madzi. Za bwalo la mpingo Twambi sanawauzepo. Anangoti amuna ake akuperekeza anthu.

"Auze anyamuke ku Dover m'mawa," anatero agogowo m'Chingerezi chawo cha m'mphuno, Twambi akuwapaka mafuta kumapazi. "Akatsika ku Calais, msewu ndi umodzi mpaka ku Reims, kenako Épernay. Apite nthawi yothyola mphesa, mapiri onse amanunkhira. Asalimbane ndi makampani akuluakulu, apite kwa alimi a pabanja, amene mwini wake amakuthirira yekha. Koma uyimbiretu foni. Anthu aja masana amatseka n'kupita kukadya, ngakhale utabwera ndi mfumu."

"Nanga mabotolowo amasunga kuti, agogo?"

"Pansi pa nthaka, mwana wanga. M'mapanga okumba m'mwala woyera, ataliatali ngati misewu. Kumazizira ngakhale kunja kutatentha, atenge majuzi. Ndipo mipando ya kumbuyo kwa galimoto aipinde. Palibe amabwerako kumeneko wopanda makatoni."

Twambi anabukitsa sitima. Anapeza nyumba m'kamudzi kozunguliridwa ndi mpesa mbali zonse, ya zipinda zokwanira n'kutsalako china chapansi. Analemberana ndi mlimi wina mothandizidwa ndi foni yomasulira, n'kugwirizana za kuyenda m'munda, kutsikira kuphanga, ndi gome lolawira pansi pa mtengo. Anamuthamangitsa Limbikani kukatenga viza nthawi ikadalipo, n'kumugulira zomata pa magetsi a galimoto poti kumeneko amayenda mbali ina ya msewu. Anakonza bwino ngati akukonzera mayi ake omubereka. Chimene adzachite nawo ulendowo sankachidziwa. Ankangofuna kuti chingwe chilichonse chikhale m'manja mwake.

Chinthu chimodzi chokha chinkabwererabwerera m'mutu mwake. Galimoto ya a Osborne ili ndi mizere itatu ya mipando. Anthu opita ankakwana pa mizere iwiri. Wachitatuwo unali wa makatoni.

Lamlungu lina Anti Mabel anaimirira kutsogolo, atavala zoyera, n'kulengeza kuti iwo ndi banja lina adzasowa pang'ono, akupita ku France kukafuna nkhope ya Mulungu pamalo a phee. Abusa anapempherera ulendowo mpaka thukuta. Mapemphero atatha Twambi analowa kukhitchini ya holoyo. Munthu wodulidwa saloledwa mgonero, koma makapu a tiyi palibe amamuletsa kutsuka.

Ali mkati motsuka, analowa Amayi Busa a Nankhoma, n'kudzigwetsa pampando akusisita mawondo. Amayi amenewa anabwera kuno kalekale, ufa usanayambe kupezeka m'mashopu. Pa nkhani ya mowa alibe chibale. Anabwezapo keke ya ukwati pakhomo la holo chifukwa anaimva kafungo.

"Anzathu ali ndi mwayi," anatero akuusa moyo. "Kukapemphera ku France! Ine zaka zonsezi pasipoti yanga imangodziwa njira ya kumaliro kumudzi. Abusa anuwa ukawauza zoyenda, amati tipite ku Wolverhampton."

Twambi anayang'ana kapu imene inali m'manja mwake. Anaitsukuluza pang'onopang'ono, n'kuiika pa thireyi.

"Koma Amayi, bwanji osapita nawo?"

"Iwe, ndikakwera pati?"

"Malo alipo. Akuyendetsa ndi abambo ake Zoe, ndipo kumbuyo kuli mipando yopanda munthu. Pasipoti yanu ndi ya konkuno, simufunikanso viza. Nyumba yogona ndabukitsa ndine. Chipinda chilipo, chapansi, chopanda masitepe."

Panalibe bodza ngakhale limodzi pa zimene ananena. Amayi Busa anamuyang'ana, mawondo aja anaiwalika. Anadzuka n'kutuluka, Twambi akuwatsatira ndi thireyi.

Muholo anthu anali ndi tiyi ndi mandasi m'manja. Amayi Busa sadziwa kunong'ona.

"Amake Malachi!" anafuula Amayi Busa kuchokera pakhomo la khitchini, akuitana Anti Mabel. "Ndamva kuti galimoto ija ili ndi malo. Ine ndi mapemphero mukundidziwa. Ndikupita nawo!"

Nthungululu zinalira. Abusa anakweza manja n'kunena kuti, "Mwandithandiza, atengeni akapumeko, nanenso ndipume." Anthu anaseka. A Osborne anatsamwa ndi ndasi, mpaka wina anawamenya pamsana.

Kwathu munthu wamkulu akapempha malo m'galimoto, ngakhale mutadzaza mumapanikizana, wina amanyamula mnzake pamiyendo. Nanga pamene mipando ili gwaa yopanda munthu, pamaso pa mpingo wonse, wopemphayo ali Amayi Busa, ulendo wake uli wa mapemphero, ungayambire pati kukana? Anti Mabel anamwetulira, mano okha.

"Ndi dalitso lalikulu, Amayi," anatero. Maso awo anadutsa pamwamba pa mitu ya anthu n'kukapeza Twambi. Twambi ankatolera makapu.

Pobwerera kunyumba Limbikani ankakankha ngolo ya mwana mothamanga ngati akuthawa mvula.

"Amake Zoe, mwachita chiyani?"

"Ndatsuka makapu."

"Musandipusitse. A Osborne ndi amene anandilozera ntchito ya vaniyi, mukudziwa."

"Ndiye mukawayendetse bwino. Mabampu muzichepetsa liwiro, Amayi Busa ali ndi mawondo."

Limbikani anapitiriza kukankha ngolo ija. Patsogolo pang'ono anayamba kuseka yekha, kuseka kwa mantha.

Pakati pa sabata, masana Twambi ali pa ofu, kunamveka kugogoda. Lifiti inali itafa monga mwa masiku onse, ndiye Anti Mabel anafika akupuma mwabefu. Chifikireni Twambi m'fulatimo, aka kanali koyamba kuti iwo apondemo. Anakhala m'mphepete mwa sofa, chikwama pamiyendo, jekete osavula.

"Mwaswera bwanji, amake Zoe?"

Twambi anamva "mwa" ameneyo. Masiku onse anali "iwe".

"Ndaswera, kaya inu Anti. Ndikuikireni tiyi?"

"Ayi, sindikhalitsa." Anti Mabel anayang'ana zovala za mwana zoyanikidwa pa hita. "Ndayesa kulankhula ndi Amayi Busa. Ndawauza kuti ulendo ndi wautali, akuti anakulira pa matola. Ndawauza kuti sitima imagwedeza, akuti agula kale mapiritsi. Ndawauza za kogona, akuti inu mwanena kuti chipinda chilipo."

"Chilipodi. Chili ndi bafa lakelake."

"Muwayimbire. Muwauze kuti mwini nyumba wasintha maganizo, chipinda chija watsekeramo katundu. Kwa inu amva, poti zonse mukukonza ndinu."

"Ndiwanamize Amayi Busa? Ine wodulidwa kale, ndiwonjezerenso bodza? Ndiye mudzandikhazika panja penipeni."

"My dear, tisachite zachibwana. Tonse ndife akuluakulu. Ife sitikupita kukaledzera. Ndi kulawa chabe, ndi chikhalidwe cha kumeneko. Koma Amayi aja sangamvetse."

Twambi analowa kuchipinda, n'kubwera ndi kadiresi kaja. Anakayala patebulo, n'kuwongola timanja take ndi chala. Kenako ananyamula Zoe pamkeka pamene ankaseweretsa supuni, n'kumukhazika pambali pake.

"Mayi anga anasoka aka. Taonani kadiresi, muonenso mwanayu."

Anti Mabel anayang'ana, n'kuthawitsa maso.

"Botolo lija, Anti, mukudziwa kuti ndinatumidwa. Munadziwa tsiku lomwelo, musanajambule n'komwe."

Kunja basi inadutsa. Zoe anamenya supuni patebulo. Anti Mabel anatsegula chikwama, n'kuchitsekanso osatengamo kanthu.

"Bwalo likhala Loweruka," anatero. "Ndikalankhula ndi akulu."

"Kalankhuleni."

"Ndiye muyimba foni ija?"

"Yambani mwalankhula. Panopa mawu anga safika patali, munanena nokha."

Kunena zoona, tsiku limenelo Twambi anali wokonzeka kuyimba. Ankangofuna madzi pamutu pa mwana wake, ndi dzina lake libwerere. Anti Mabel akanangoimirira n'kunena kuti ndinalakwitsa, Twambi akanapeza njira. Akanawauza Amayi Busa za masitepe, za kuzizira, chilichonse.

Lamlungu Anti Mabel anaimiriradi. Anagwira maikolofoni ndi manja awiri, nkhope yodzaza chifundo.

"Monga mayi," anatero, "mtima wanga sunagone pa nkhani ya mtsikana wathu Twambilile. Ndapitiriza kufufuza pandekha, ndipo ndapeza kuti botolo lija linali la kuntchito. Vuto linali lakuti mwanayu sanathe kudzifotokozera bwino pa bwalo. Mukudziwa, sukulu imathandiza. Tiyeni timukhululukire, timulandirenso."

Anthu anaomba m'manja. Ankawaombera Anti Mabel. Mayi wina anafika pokawakumbatira, akuti mtima wotere ndi wosowa. Twambi anauzidwa kuti asunthire kutsogolo, ndipo anasuntha, Zoe kumsana, akumwetulira kumanja ndi kumanzere kwa anthu amene ankamukhululukira.

Ubatizo unaikidwa Lamlungu lotsatira. M'mawa wake Twambi anatsitsa kadiresi, n'kumuveka Zoe. Mutu unalowa movutikira. Manja anakana. Mwana anayamba kulira, nsalu itamumanga m'khwapa. Twambi anatenga lezala n'kutumbula msoko wa mayi ake, ulusi umodziumodzi, m'khwapa monse mpaka m'mbali. Kumsana mabatani sanakumane n'komwe ndi mabowo ake. Anagwiriziza ndi mapini, n'kumufunditsa mwanayo shawelo pamwamba.

Madzi anathiridwa. Zoe anayetsemula, mpingo unaseka, Limbikani anapukuta maso ndi tayi. Atatuluka panja anayimbira ku Kawale pa vidiyo. Mayi ake Twambi anali atavala chitenje chatsopano, anansi atadzaza kumbuyo kwawo.

"Tamutembenuza timuone! Nanga bwanji mwamufunditsa chishawelo? Kadiresi kanga sikakuoneka."

"Kuno kukuzizira, Amayi."

"Koma kamukwana?"

"Kamukwana bwinobwino."

Atadula foni Twambi anaima kaye pakhoma la fakitale yoyandikana ndi holoyo. Kenako analowa.

Anti Mabel anamupeza pakhomo la khitchini. Anamugwira pamkono n'kumukokera pakona.

"Mbali yanga ndachita. Foni ija bwanji? Masiku atha."

Twambi anamutembenuza Zoe, n'kukweza shawelo. Mapini anali ndondondo pamsana, nsalu yoyera itayasama, thewera likuonekera.

"Mwaona?"

"Aa, zimenezo n'zazing'ono. Ana amakula. Ndikugulirani lina labwino m'tauni."

"Amayi Busa ndi awo ali apowo," anatero Twambi akubwezeretsa shawelo. "Kawauzeni nokha kuti atsike."

Mbali ina ya holo Amayi Busa anali atakweza phazi pampando, akuonetsa amayi nsapato zatsopano zoyendera, zoyera ngati za mwana wa sukulu. Wina ankawalangiza za majuzi, wina ankawapatsa mayina a odwala oti akawatchule kumeneko.

Anti Mabel anatsitsa mawu mpaka anangotsala mpweya. "Iwe mwana iwe. Ukufuna ndikachite chiyani kumeneko?"

"Zonse zili momwemo, Anti, sindinachotse kanthu. Kuyenda m'munda kulipo. Kuphanga kwa mabotolo kulipo. Gome lolawira pansi pa mtengo lilipo, ndinangomuuza mlimi uja kuti awonjezere mpando umodzi. Mukafika mukawauze Amayi kusiyana kwa kulawa ndi kumwa. Inu sukulu munapita. Mukadzifotokozera bwino."

Anawasiya ali chiimire, n'kupita kukalandira mphatso za mwana.

Tsiku la ulendo amayi a mpingo anabwera kudzaperekeza, monga timachitira. Anasonkhana pabwalo la holo m'mawa, atavala majekete pamwamba pa zitenje. Amayi Busa anafika ndi sutikesi, chikwama cha mabuku a nyimbo okwanira aliyense m'galimotomo, fulasiki yaikulu, ndi bokosi la nkhuku yokazinga. Chifukwa cha mawondo, anawakhazika kutsogolo pambali pa dalaivala. A Osborne ndi a Ronald ndi akazi awo anadzaza mzere wapakati, onse ali chete ngati akupita kukaona wodwala. Otsala anali Anti Mabel. Limbikani anadzutsa mpando wa kumbuyo uja, wa makatoni, ndipo mwini tsiku lobadwa anakwawira mmenemo, mawondo kuchibwano, bokosi la nkhuku pamiyendo.

"Ndakonza kale ndondomeko," Amayi Busa analengeza pawindo. "M'mawa mapemphero, masana kusala, madzulo umboni. Amake Malachi, mukumva kumbuyoko?"

"Ndikumva, Amayi."

Limbikani anatsika ngati akukaona matayala, n'kufika pamene panaima mkazi wake.

"Amake Zoe, ine ndikabwerako wamoyo?"

"Inu simumwa, mukuopa chiyani? Juzi mwatenga? Akuti kuphangako kumazizira."

"Mulungu akukuonani."

"Anandionanso pamzere kushopu kuja."

Injini isanalire n'komwe Amayi Busa anali atayambitsa kolasi, akuomba m'manja, akutembenuka kuona ngati onse akuyimba. Galimoto inatuluka pageti pang'onopang'ono. Pagalasi la kumbuyo panaoneka nkhope ya Anti Mabel, milomo ikuyenda motsatira nyimbo, maso ali pa Twambi. Twambi anagwira kadzanja ka Zoe n'kukagwedeza.

"Tsanzika Anti, mwana wanga. Uti ayende bwino."

Anakamusiya Zoe kwa mayi womulera, n'kukwera basi ya ku Bordesley Green. Linali tsiku logula zinthu za agogo Willard. Anatenga buledi, mkaka, supu wa m'zitini, ndi botolo la vinyo wofiira uja. Mtsikana wa pa kauntala anafunsa ngati akufuna jumbo ina ya botololo. Twambi anakana. Analigwira pakhosi, n'kuyenda nalo choncho msewu wonse, yunifomu ili pathupi, dzuwa likuwala pagalasi lake.

Agogo Willard anali pampando wawo wa pawindo.

"Anyamuka anthu ako aja?"

"Anyamuka, agogo."

"Mipando ya kumbuyo apinda? Ndinakuuza za makatoni."

Twambi anaika botolo patebulo, n'kuyamba kuvala magolovesi.

"Malo adzaza," anatero. "Tiyeni tikumeteni ndevuzo."